Walira Mvula Walira Matope: Angerezi, Pasipoti ndi Ulendo wa Tchuthi

Mabuku a mbiri akamanena za dziko limene latuluka m'chigwirizano cha ndale, amakonda kutiuza za nduna, za mapangano osainidwa pakati pa usiku ndi za mbendera yotsitsidwa. Munthu wamba sakumana nazo zimenezi. Iye amakumana ndi kusinthako tsiku limene wanyamula sutikesi yake, wafika pa chipata cha m'malire, ndipo mkulu wa pachipata watsegula pasipoti yake nayamba kuwerenga masiku. M'nkhani ino tsono ndafuna kuti ndione kutuluka kwa Britain m'chigwirizano cha maiko a ku Ulaya, chija chotchedwa European Union kapena EU, nditaima pachipata pomwepo, pambali pa munthu amene sakufuna ntchito kapena malo okhala, koma angofuna kukaothera dzuwa ku Spain milungu iwiri. Ganizo langa ndi ili: munthuyu ulendo wake ulipobe, koma maziko a ulendowo adasintha. Kale ankalowa chifukwa unali ufulu wake. Lero akulowa chifukwa eni dziko amlola.

Tiyambe ndi pasipoti yomweyo, pakuti ambiri a ife timaiyesa chinthu chachikhalire. Nkhondo ya 1914 isanayambe, munthu wa ku London ankatha kuoloka nyanja mpaka kukafika ku Paris kapena ku Rome wopanda chikalata chilichonse. Maiko amene ankaumirira pasipoti anali owerengeka, monga Russia ndi Turkey. Nkhondo ndiyo idabweretsa mantha a akazitape, ndipo mu 1915 boma la Britain lidayamba kupereka pasipoti yokhala ndi chithunzi cha mwini wake. Anthu ankayesa kuti izi nza nkhondo chabe, zitha nkhondo ikatha. Sizidathe ai. Mu 1920 bungwe la League of Nations lidachititsa msonkhano ku Paris kumene maiko adagwirizana kuti pasipoti ikhale kabuku ka maonekedwe ofanana, ndipo m'menemo ndimo mudachokera kabuku ka buluu woderako kamene Angerezi adakhala akukanyadira zaka zoposa 60.

Pano nkofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Pasipoti imachokera ku boma lako, ndipo imanena kuti ndiwe yani ndi kuti kwanu nkuti. Viza imachokera ku boma la kumene ukupitako, ndipo imanena kuti akufufuza usananyamuke nakulola kuti ufike pa khomo pao. Itatha nkhondo yachiwiri, m'zaka zotsiriza za m'ma 1940, Britain idapangana ndi France ndi maiko ena a kumadzulo kwa Ulaya kuti athetse maviza a alendo ongocheza. Ernest Bevin, amene anali nduna yoona za maiko akunja kuyambira 1945 mpaka 1951, amakumbukiridwa chifukwa chonena kuti cholinga cha ntchito yake chinali chakuti munthu azitha kugula tikiti pa siteshoni ya Victoria ndi kupita kulikonse kumene wafuna. Mu 1950 Vladimir Raitz adatengera kagulu ka anthu pa ndege kupita ku chilumba cha Corsica, mtengo wa ndege, malo ogona ndi chakudya zili pa tikiti imodzi, ndipo posapita zaka zambiri maulendo otere adafika ndi kwa ogwira ntchito m'mafakitale omwe. Kuyambira 1961 mpaka 1995 kudalinso kapasipoti kakang'ono ka chaka chimodzi ka anthu a tchuthi, kamene m'zaka zake zotsiriza munthu ankangokatenga ku positi ofesi. Chimene chinkavuta masiku amenewo si viza koma ndalama: pakati pa 1966 ndi 1970 boma silinkalola munthu kutuluka ndi ndalama zakunja zoposa £50 pa chaka, ndipo malamulo oletsa kutulutsa ndalama adathetsedwa mu 1979.

Ndatchula zonsezi kuti tione kuti tchuthi chopanda viza chidayamba Britain isanalowe m'chigwirizano. Idalowa pa 1 Januwale 1973, pansi pa nduna yaikulu Edward Heath, Charles de Gaulle wa ku France atayamba waikaniza kawiri, mu 1963 ndi mu 1967. Mu 1975 anthu adafunsidwa ngati akufuna kukhalabe m'katimo, ndipo 67 pa 100 alionse adavomera. Nanga kulowaku kudaonjezerapo chiyani kwa munthu wapaulendo? Poyamba panali ufulu wokagwira ntchito m'maiko anzao. Kenaka pangano la ku Maastricht, losainidwa mu 1992, lidakhazikitsa unzika wa chigwirizano chonse, kotero kuti mbadwa ya Britain idakhalanso nzika ya EU. Munthu wotere akafika pa chipata cha France, mkulu wa pachipata ankangoona ngati pasipotiyo njake ndiponso ngati siidathe. Sankaidinda, sankafunsa kuti wadzatani, ugona kuti, uli ndi ndalama zingati kapena ubwerera liti. Pasipoti yotsala ndi mlungu umodzi kuti ithe inali yokwana. Munthu ankakhala miyezi itatu wopanda funso, ndipo ngati ali pa ntchito kapena ali nazo zodzisamalira ankatha kukhaliratu.

Pali chinthu chimodzi chimene Britain idachikana kuyambira pachiyambi. Mu 1985 maiko asanu, France, West Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, adasaina pangano m'mudzi wa Schengen lochotsa zipata pakati pao, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1995. Pofika 2025 maiko a m'pangano limeneli anali 29, kuphatikizapo ena amene sali mu EU monga Norway ndi Switzerland. Britain siidalowemo. Motero Mngerezi sadasiyepo kuonetsa pasipoti pooloka nyanja. Chinali chosiyana ndi mzere umene ankaimapo ndi mphamvu zimene woyang'ana pasipotiyo anali nazo pa iye.

Pa 23 Juni 2016 anthu adafunsidwanso. Okwana 17.4 miliyoni adati atuluke, 16.1 miliyoni adati akhale. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ochuluka adati akhale, koma mavoti a dziko lonse adawerengedwa pamodzi. M'mikangano ya nthawi imeneyo pasipoti idasanduka chizindikiro. Kuyambira 1988 inali yofiira moderako monga ya maiko ambiri a m'chigwirizano, ndipo ofuna kutuluka ankaionetsa ngati umboni wakuti dziko lao likulamulidwa ndi ena. Zoona zake nzakuti mtunduwo sunali wokakamiza, pakuti Croatia idalowa mu 2013 nisungabe pasipoti yake ya buluu. Komabe mu Disembala 2017 boma la Theresa May lidalengeza kuti buluu abwerera. Ntchito yopanga mabukuwo idapatsidwa kampani ya Gemalto, ya ku France ndi Netherlands, kusiya kampani ya kwao ya De La Rue, ndipo pasipoti za buluu zimene zidayamba kutuluka mu Malichi 2020 zidapangidwa ku Tczew, m'dziko la Poland, m'kati mwa chigwirizano chomwe ankachithawacho.

Britain idatuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo malamulo atsopano adayamba pa 1 Januwale 2021. Viza ya tchuthi siidabwere. Mu Epulo 2019 EU inali itaika kale Britain pa mndandanda wa maiko amene anthu ake salira viza pa ulendo waufupi, malinga ngati nayonso ichita chimodzimodzi kwa anthu a maiko onse a EU. Mau akuti malinga ngati ndiwo agwira nkhani yonse, pakuti chimene chaperekedwa ndi mbali imodzi chingathe kuchotsedwanso ndi mbali yomweyo. Chimene chidabwera ndi malamulo amene alendo ena onse akunja ankawadziwa kale.

Loyamba ndi la masiku. Mlendo saloledwa kukhala masiku oposa 90 m'masiku 180 alionse. Masiku 180 amenewa sayambira pa Januwale ai. Tsiku lililonse munthu ali m'katimo, akuluakulu angathe kuyang'ana m'mbuyo masiku 180 nawerenga amene wakhalamo, tsiku lolowa ndi lotuluka lomwe. Ndiponso maiko onse a Schengen amawerengedwa ngati dziko limodzi. Tinene kuti munthu wakhala masiku 60 ku Portugal mu Malichi ndi Epulo. Akapita ku Greece mu Juni watsala ndi 30 okha. Wopitiriza angalipitsidwe kapena kuletsedwa kulowanso. Wofuna kukhalitsa kapena kugwira ntchito ayenera kupempha viza kapena chilolezo ku dziko limene akufuna kukakhalako, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo akeake.

Lachiwiri ndi la msinkhu wa pasipoti, ndipo ndilo lagwetsa anthu ambiri misozi pa bwalo la ndege. Pasipoti iyenera kukhala isanakwane zaka 10 chiiperekere pa tsiku lolowa, ndiponso ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuyambira tsiku lotuluka. Poonekera palibe chovuta. Koma mpaka Seputembala 2018 boma la Britain linali ndi chizolowezi chakuti munthu akakonzetsa pasipoti yakale isanathe, miyezi yotsalayo, mpaka isanu ndi inai, inkaonjezeredwa pa yatsopano. Tsono taonani munthu amene pasipoti yake idaperekedwa mu Malichi 2015, nilembedwa kuti idzatha mu Disembala 2025. Mu Julaye 2025 iye akuyang'ana tsiku lothera, akuona kuti zonse zili bwino, walipira hotela, wafika ndi ana pa bwalo. Wa ndege akuyang'ana tsiku loperekera, akumbweza. Boma lake likuti pasipotiyo ili moyo, a kutsidya akuti idafa mu Malichi, ndipo pachipata mau a eni chipata ndiwo amamveka.

Kuonjezera apo pali tizinthu tina tambiri. Mkulu wa pachipata tsopano ali ndi mphamvu yofunsa tikiti yobwerera, malo ogona ndi ndalama za m'thumba. Nyama ndi mkaka siziloledwa kulowa nazo, ndipo mu Januwale 2021 wailesi yakanema ya ku Netherlands idaonetsa akuluakulu a pa doko la Hook of Holland akulanda oyendetsa magalimoto buledi wao wa kamba chifukwa munali nyama ya nkhumba. Pasipoti za agalu ndi amphaka zoperekedwa ku Great Britain zidasiya kugwira ntchito mu 2021, m'malo mwake mudalowa kalata ya dokotala wa ziweto yofunika pa ulendo uliwonse. Chimene chidapulumuka ndi chithandizo cha kuchipatala: pangano la pa 24 Disembala 2020 lidalola kuti mlendo wodwala mwadzidzidzi azithandizidwabe m'zipatala za boma, ndipo khadi yatsopano yotchedwa GHIC idalowa m'malo mwa yakale. Kudinda pasipoti iliyonse kumadya timphindi tochepa, koma timphindi ta anthu zikwizikwi ndi maola. Mu Julaye 2022, sukulu zitangotsekera, magalimoto adaima maola ambiri pa doko la Dover, kumene apolisi a France amayang'anira pasipoti anthu asanakwere sitima. A ku Britain adati a France sadatumize antchito okwanira. A ku France adayankha kuti kutulukako sadakusankhe iwo.

Nayo Britain idamanga mpanda wake. Mlendo wa ku EU amaloledwa miyezi isanu ndi umodzi wopanda viza, koma kuyambira pa 1 Okutobala 2021 ambiri sadaloledwenso kulowa ndi chitupa cha unzika chokha, chimene ku Ulaya anthu ambiri amayendera m'malo mwa pasipoti. Maulendo a ana a sukulu adavuta kotero kuti kumapeto kwa 2023 boma lidafewetsa lamuloli kwa ana a sukulu za ku France. Kuyambira pa 2 Epulo 2025 mlendo wa ku EU ayenera kupempha chilolezo cha pa intaneti chotchedwa ETA asananyamuke, ndipo chimalipiridwa. Ku mbali inayo, pa 12 Okutobala 2025 EU idayamba njira yojambula nkhope ndi zidindo za zala za mlendo aliyense wakunja, kuti makina aziwerenga masiku m'malo mwa chidindo cha inki, ndipo idakonzanso chilolezo chakechake chotchedwa ETIAS, chimene mu 2025 idalengeza kuti chidzakhala cha mayuro 20. Maboma onse awiri amalimbikira kunena kuti zilolezozi si maviza. M'malamulo akunena zoona. Koma munthu akadzaza fomu, nalipira, nadikira yankho asananyamuke, dzina la pepalalo silimthandiza kwenikweni.

Wina anganditsutse kuti zonsezi nzazing'ono. Ambiri amapita milungu iwiri okha, ndipo Angerezi akupitabe ku Spain mamiliyoni chaka ndi chaka. Angatinso dziko lili ndi ufulu wosankha kudzilamulira, ndipo amene adavota kuti atuluke ankafuna makamaka kuti boma lao lizisankha lokha wolowa m'dziko. Sakadatseka khomo lao la anzao nkukhala lotsekula. Zonsezi ndikuzivomera. Walira mvula walira matope. Koma matopewo sadagwere onse mofanana. Wolemera amagula nyumba, amalemba loya, amapeza viza ya nthawi yaitali. Wachinyamata amene kale ankapita kukagwira ganyu m'mahotela a ku France kapena ku Spain nyengo imodzi, naphunzira chiyankhulo, njira idamtsekekera, ndipo achinyamata ambiri adavota kuti akhale. Oimba nyimbo oyendayenda ndi okalamba amene ankathawa chisanu cha kwao miyezi isanu ndi umodzi nawonso adayamba kuwerenga masiku pa kalendala. Ndipo amene ali ndi kholo kapena gogo wobadwira ku Ireland adathamangira kukatenga pasipoti ya kumeneko, nabwerera pa mzere wakale, mnzao wa khomo loyandikana ali pa mzere wa alendo.

Ireland yomweyo ndiyo ikutiphunzitsa kuti kutuluka m'chigwirizano pakokha sikubala zipata. Mu 1922 mbali yaikulu ya chilumbacho idatuluka mu United Kingdom, itamenya nkhondo yofuna ufulu. Pakadakhala chifukwa chomangira mpanda, chidalipo pamenepa. Koma maboma awiriwo adagwirizana kuti anthu aziyenda monga kale, ndipo dongosolo limeneli, lotchedwa Common Travel Area, lidangosokonezeka ndi nkhondo yachiwiri, nkubwerera mu 1952. Mu 1949 Ireland itasanduka lipabuliki, Nyumba ya Malamulo ya ku London idakhazikitsa lamulo lakuti m'malamulo a Britain Ireland isatengedwe ngati dziko lachilendo. Mpaka lero munthu wa ku Liverpool angathe kukakhala ndi kugwira ntchito ku Dublin wopanda kuwerenga masiku, ngakhale Ireland ili mu EU. Kulemera kwa malire tsono kumachokera kwa anthu amene akhala pa tebulo pokambirana za kulekanako, ndi zimene iwo aziyesa zofunika.

Ife kuno nkhani yotuluka m'chigwirizano siyachilendo. Mu 1953 Britain yomweyi idatimangirira pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia m'Chitaganya, makolo athu akukana, ndipo Chitaganyacho chidatha pa 31 Disembala 1963. Sindikuyerekeza zinthu ziwirizi ngati zofanana. Britain idalowa mu EU itapempha yokha, ndipo inali ndi mau m'katimo; Chitaganya chinali chokakamiza, ndipo munthu wakuda wa ku Nyasaland wopita ku Salisbury kapena ku Bulawayo ankayenda ndi chitupa m'thumba, osati kukapuma koma kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini. Kutulukamo kunali koyenera. Koma nako kudali ndi matope ake, ndipo adaonekera mochedwa. Dera limodzi lidasanduka maiko atatu, lililonse ndi unzika wake ndi pasipoti yake, pamene anthu athu ambiri anali atakhazikika kale kutsidya. Mu 2001 Zimbabwe idasintha lamulo la unzika, nifuna kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane m'miyezi isanu ndi umodzi. Ana ndi adzukulu a anthu a ku Nyasaland, obadwira komweko, ena osadziwa ndi mudzi wa agogo ao womwe, adapezeka ali alendo m'dziko lobadwira, osatha kuvota kapena kutenga pasipoti, mpaka malamulo oyendetsera dzikolo a mu 2013 adayamba kukonza zinthu.

Ndipo ngati wina wa ife akumvera Mngerezi chisoni chopitirira, ayang'ane pasipoti yakeyake. Mmalawi wofuna kukacheza ku maiko a Schengen amapempha viza asananyamuke, amaonetsa makalata a ku banki, malo ogona ndi inshuwalansi ya kuchipatala ya mayuro 30,000, amadinditsa zala, ndipo mu Juni 2024 mtengo wa pempholo udakwera kufika pa mayuro 90, ndalama zimene sizibwezedwa akakanizidwa. Ku Britain nako takhala tikulira viza kuyambira 2006. Mngerezi watsika sitepe imodzi yokha pa makwerero aatali, ndipo kudandaula kwake kukutionetsa kutalika kwa makwererowo.

Phunziro limene ine ndatolapo ndi la ife amene tikuphunzira mbiri, malamulo ndi ndale pano, amene ena mawa adzakhala pa matebulo otere. Zigwirizano za maiko zidzapitirira kumangidwa ndi kumasulidwa, kuno ku Africa monganso ku Ulaya. Tsiku limene wina adzaimirira nati tilowe, kapena tituluke, adzatiuza za ulemu wa dziko ndi za chuma, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Tidzamfunsenso mafunso ang'onoang'ono aja amene mu 2016 adamveka mochedwa: wopita kukaona mlongo wake kutsidya adzaima pa mzere uti, adzaloledwa masiku angati, adzalipira zingati, ndipo mwana wobadwira kumeneko adzanyamula pasipoti ya dziko liti.